Kukalambira kwa Eni

Makolo athu adali ndi dzina la munthu amene wapita kukagwira ntchito kutali nakhalitsa komweko osabwerera: ankamutcha mtchona. Dzinali silidali lotukwana, komanso silidali loyamikira. Mkati mwake mudali kachisoni ndiponso kudandaula kwa otsala. M'masiku a Wenela ndi Mthandizi, anyamata ambirimbiri a m'midzi mwathu adapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Ena adabwerako ndi sutikesi, chikhoti chachikulu ndi njinga yakapalasa, mudzi wonse nuŵalandira ndi nthungululu. Ena adakwatira komweko, makalata nayamba kuchepa, mpaka dzina lao lidatsala pakamwa pa amai ao okha. Ngakhale pamene boma lidaimitsa kulemba anthu a Wenela, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana pa 4 April 1974 nipha anthu oposa 70, ochuluka mwa iwo Amalaŵi, njira yopita kunja sidamere udzu. Idangosintha koloŵera.

Matchona a masiku ano ngosiyana ndi akale aja. Ambiri ndi anthu ophunzira, ambirinso ndi akazi, ndipo sasoŵa monga ankasoŵera a ku migodi, pakuti foni imaŵafikitsa pakhomo pathu nthaŵi iliyonse. Timamva mau ao, timaona nkhope zao, timalandira ndalama zao, tsono timayesa kuti moyo wao tikuudziŵa. Koma anthu aja adachoka ali ndi mphamvu, lero imvi zamera, maondo ayamba kudandaula, ndipo ena afika popuma pa ntchito. Kodi munthu amakalamba bwanji kwa eni? Amadzuka kukachita chiyani, amadya chiyani, amakumbukira chiyani? Akuluakulu adati ali dere nkulinga utayenda naye. Ine ndidayenda naye mmodzi wa anthu otere, ndiwo azakhali anga, mlongo wao wa bambo anga, amene akhala mumzinda wa Leeds, kumpoto kwa England, zaka zoposa 20.

Azakhaliŵa adabadwira kumapiri a ku Dedza, ndipo adaphunzira unamwino. Adagwira ntchito m'zipatala za kuno zaka zambiri, m'nyengo ija imene matenda a Edzi ankadzaza mawodi, odwala ena nkumagona pansi, namwino mmodzi nkumayang'anira anthu osaŵerengeka usiku wonse. Amuna ao pomwalira adaŵasiyira ana atatu, ndipo pamwamba pa ameneŵa padabwera ana amasiye a abale. Njala ya 2002 idapeza malipiro akutha mwezi usanafike pakati. M'zaka zimenezo zipatala za ku Britain zinkasoŵa anamwino, ndipo anamwino ambiri a kuno adanyamuka. Boma la Malaŵi, mothandizidwa ndi maiko ena, lidaonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti m'chaka cha 2005 pofuna kuchepetsa msamuko umenewu, koma nkuti azakhali atapita kale. Potsazika adati akukakhala zaka zitatu zokha, angomanga nyumba ndi kuphunzitsa ana. Palibe mtchona amene adatsazikapo kuti akukatchona.

Pamene ndidali pa maphunziro ku Ulaya ndinkapita kukathera tchuthi kwa iwo, kamodzi m'nyengo yozizira, kaŵiri m'nyengo yofunda. Nyumba yao njaing'ono, ya njerwa zofiira, yogundana khoma ndi nyumba za anthu ena mumzere wautali. Pansi pali pochezera ndi khitchini, pamwamba zipinda ziŵiri zogona. Munthu wa ku Dedza amadzitama kuti kuzizira amakudziŵa, pakuti June wa ku Bembeke amaumitsa zala. Azakhali amaseka akakumbukira kudzitama kumeneko. Komabe amati kuzizira kwa ku England munthu amakupirira ndi zovala ndi moto wa gasi. Chimene chimafoola mtima ndi mdima. M'mwezi wa December dzuŵa limatuluka 8 koloko itapitirira, ndipo 4 koloko madzulo isanakwane nkuti litaloŵa kale. Masiku ambiri silioneka nkomwe. Zitseko zonse zimakhala zotseka. Palibe khonde lokhalapo, palibe wodutsa wofunsa kuti mwaswera bwanji. Munthu wokhala yekha atha kugona masiku atatu osalankhulana ndi mnzake maso ndi maso.

Pa ntchito adapuma, koma osati kotheratu. Atakwanitsa zaka 66 adayamba kulandira penshoni ya boma, koma lamulo la kumeneko limapereka penshoni yathunthu kwa munthu amene wasonkha zaka 35, ndipo wosakwanitsa zaka 10 salandira kanthu. Munthu amene adafika m'dzikomo atapitirira kale zaka 40 sangafike pa 35. Amalandira mbali chabe. Kuphatikiza ndi kapenshoni ka kuntchito, ndalamazo zimakwanira lendi, gasi, magetsi ndi chakudya, koma sizikwanira fizi ya ana a kumudzi, feteleza wa alongo ao, ndi malata a nyumba imene yasasuka ndi mphepo. Nchifukwa chake Lachiŵiri ndi Lachinai amavalabe yunifolomu nakagwira ntchito ku nyumba ina yosungirako nkhalamba. Masiku aŵiri ameneŵa sagwirira mimba yao ai, amagwirira ife.

Nyumba yosungirako nkhalambayo njaukhondo ndi yofunda; mankhwala amaperekedwa pa nthaŵi yake, chakudya katatu pa tsiku. Zilipo nkhalamba zimene ana ao amabwera kudzaziona sabata iliyonse, ziliponso zina zimene zimangoyang'ana kukhomo mwezi ndi mwezi. Azakhali amazisambitsa, kuzidyetsa ndi supuni, ndi kuzimvetsera zikamabwereza nkhani imodzimodzi ya ubwana wao. Adaona kuti munthu nzeru zikayamba kuthaŵa, zoyamba kuiŵalika ndi za dzulo, zakalekale ndizo zimatsalira. Ndipo nkhalamba zina zochokera ku maiko ena, zimene zidalankhula Chingerezi zaka zambirimbiri, pomalizira zimabwerera ku chilankhulo cha amai ao, oziyang'anira nkumangoti kakasi, osamva kanthu. Madzulo ena, akuvula nsapato, adandiuza kuti: “Mwana wa achimwene, ine imfa sindiiopa ai. Ndimaopa tsiku limene ndidzapemphe phala m'Chicheŵa, mtsikana wondisamala nkungomwetulira.”

Masiku otsalawo ali ndi dongosolo lake. Amadzuka m'mamaŵa monga adazoloŵera, naŵiritsa tiyi, natsegula wailesi ya kuno kudzera pa intaneti. M'nyengo yozizira nthaŵi ya ku Malaŵi imatsogola ndi maola aŵiri, m'nyengo yofunda ndi ola limodzi, choncho pamene iwo akumwa tiyi nkuti kwathu anthu ali kale kumunda. Amatchera khutu kwambiri pa mauthenga a maliro ndi pa nkhani za mvula, ndipo mtengo wa thumba la chimanga pa msika wa Lizulu amaudziŵa kuposa ena a ife okhala pafupi. Nthaŵi ikakwana 9:30 chiphaso chao cha okalamba chimayamba kugwira ntchito, tsono amakwera basi mwaulere kupita ku msika wa Kirkgate, pakati pa mzinda, kapena ku timasitolo ta anthu a ku Africa ndi ku Asia. Ulendowu sukhala wongokagula zinthu. M'sitolo zoterezo munthu amamvako Chishona, Chiswahili, nthaŵi zina Chinyanja cha ku Lusaka, ndipo kungomva wina akuti “muli bwanji” ndi ndiwo za tsiku lonse.

Koma mwini nyumba weniweni m'menemo ndi mthiko. Azakhali amadya zakudya za kumeneko mosanyinyirika: buledi, mbatatesi, nsomba yokazinga ndi tchipisi. Komabe tsiku likatha osadya nsima amati agona ndi njala, monga tinenera tonsefe. Mthiko umene amaphikira udasemedwa ku Dedza, ndipo wafupika ndi kutha kumutu. Chipande nacho nchakwathu. Adayesapo mapoto amakono osamatirira chakudya, naŵasiya msanga, chifukwa poto wotere sasiya nkhoko, ndipo nsima yopanda nkhoko amati ili ngati nthano yopanda mathero. Madzi akafunda amathira ufa wa phala. Phala likabwata amaonjeza ufa pang'onopang'ono akuvundula, ndi mkono womwe uja udaphunzira ntchitoyi pa mafuwa atatu, utsi uli m'maso. Akaomola mitanda nkuivundikira, nkhope yao imasintha, imakhala ya munthu amene wafika pakhomo.

Ufa umene amagula ngwa chimanga choyera, wochokera makamaka ku South Africa, ndipo nsima yake imaoneka bwino ndithu. Koma pakamwa pa munthu wa kwathu pamazindikira kuti china chake chikusoŵa. Ufa woyera wa kumudzi uli ndi ulendo wake: chimanga chimakonoledwa, gaga nkupetedwa, mphale nkuviikidwa m'madzi masiku aŵiri kapena atatu, kenaka nkutsukidwa, kuyanikidwa pamphasa, kupita nayo kuchigayo, ufa nkuyanikidwanso padzuŵa. Kuviika kuja ndiko kumapatsa ufa kafungo koŵaŵasa pang'ono ndi kufeŵa kumene timakudziŵa. Ufa wa m'fakitale suviikidwa. Tsono mlendo wochokera kumudzi akabweretsa kathumba ka ufa weniweni, azakhali sauphika wamba. Amatapa pang'ono nkusakaniza ndi wogula uja kuti kafungoko kafike patali, monga achitira mai wanzeru mchere ukatsala pang'ono.

Ndiwo ndizo zimavuta koposa. Malamulo a dzikolo amaletsa wapaulendo wochokera kuno kuloŵa ndi nyama kapena mkaka, koma nsomba zouma amalola. Motero aliyense wochokera ku Malaŵi amaudziŵa katundu wake: usipa, utaka, matemba, nsinjiro, mfutso ndi mpunga wa Kilombero. Sutikesi yotere ikafika, mafoni amalira m'nyumba za Amalaŵi a mumzindamo, ndipo usipa umagaŵidwa m'timapepala ngati mankhwala. Kuukazinga nako nkwa anthu olimba mtima, pakuti kudenga kuli kabelu kochenjeza za moto kamene kamalira kakangomva utsi, ndipo fungo la usipa, limene kwa ife ndi uthenga wabwino, kwa oyandikana nao ndi nkhani ina. Azakhali amatsegula zenera ngakhale kunja kuli chisanu, nakazinga atavala chikhoti. M'sitolo mumapezeka nsomba zoumitsidwa ndi ayezi zofanana ndi chambo, zoŵetedwa m'maiŵe a ku Asia. Amazigula ndithu, koma dzina lakuti chambo amazimana.

Chimwemwe chao chachikulu ndi kadimba. Ku England makhonsolo amabwereketsa timalo kwa anthu ofuna kulima ndiwo, pa lendi yochepa ya pachaka, ndipo ofuna amachuluka kotero kuti munthu atha kudikira zaka. Azakhali adadikira, napeza kao. Kumeneko chisanu chimapha mbeu zanthete mpaka m'mwezi wa May, choncho maungu amaŵafesa m'timiphika pazenera la kukhitchini mu April, nkudzaŵaokera kudimba kumayambiriro kwa June. Ikafika nyengo yofunda kunja kumada mochedwa, 9 koloko usiku kukali koŵala, ndipo amakhala kudimbako mpaka msana utakana. Amalima nkhwani, mpiru, nyemba za khwanya, ndi mizere iŵiri ya chimanga chootcha. Dzuŵa la kumeneko nlofooka, silingaumitse mfutso, tsono masamba otsala amaŵaŵiritsa pang'ono nkuŵasunga m'firiji, kuti pa Khrisimasi padzapezeke nkhwani wotendera.

Kudimbako ndiko adapeza abwenzi. Nkhalamba ina yachingerezi ya dimba loyandikana nalo idadabwa kuona munthu akuthyola masamba a maungu, pakuti kwao amadikira dzungu lokha, masamba nkutaya. Azakhali adaiphunzitsa kusadzula, naiphikira wotendera, ndipo tsopano imaŵasungira nsonga za maungu ake. Bambo wina wa ku Jamaica amalima ndiwo imene kwao amaitcha callaloo. Azakhali ataiyang'anitsitsa adapeza kuti ndi bonongwe yemweyu amamera yekha kuseri kwa khola. Amai a ku Bangladesh naonso amadya masamba a maungu. Ndipotu tikafufuza bwino, mbeu zimene timazitcha zathu nazonso nzobwera. Chimanga, maungu, nyemba, mtedza, chinangwa ndi matimati kwao nku America, ndipo zidayamba kuoloka nyanja pa zombo za Apwitikizi ndi amalonda ena m'zaka za m'ma 1500, makolo athu nazilandira, nazisandutsa zao. Chimanga nacho ndi mtchona: chidafika kwa eni, chidakhazikika, ndipo lero palibe amachifunsa chiphaso.

Chakudya ndicho chimatsegula nkhokwe ya zakale. Azakhali sakamba za kumudzi atakhala pampando wa pochezera. Amazikamba manja ali m'ndiwo. Akamasadzula nkhwani amakumbukira amai ao, agogo anga, amene adaona njala ya 1949 ali mtsikana, ndipo moyo wao wonse sadalole kuti mwana ataye mkute. Akamasinja mtedza m'kamtondo kao kakang'ono amakumbukira atsikana anzao a pamtondo, nkumaŵatchula mmodzimmodzi: uyu adakwatiwa ku Ntcheu, uyu adamwalira pobereka, uyu adatha ndi matenda aja. Fungo la chimanga chootcha limaŵabwezera ku dzinja la ubwana wao, mvula ikugwa padenga la udzu, ana atazungulira moto kudikira mondokwa woyamba. Pomvetsera ndidazindikira kuti mudzi umene amaukamba, ngakhale mutaufunafuna lero, simungaupeze. Anthu ake ambiri ali kumanda, mitengo yake idadulidwa, chitsime chake chidauma. Mudziwo watsala m'mutu mwao ndi m'mbale mwao basi, ndipo akamaphika amakhala akuumanganso kwa ola limodzi.

Agogo aja adatisiya m'chaka cha 2020, ndege zitaleka kuuluka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Azakhali, amene nthaŵi imeneyo ankasamalira makolo a eni usana ndi usiku, adaonera maliro a amai ao pa foni imene mdzukulu wina adaikweza m'mwamba kumanda. Mau ankadukaduka, chithunzi chinkaimaima. Bokosi adagula ndi iwo, chakudya cha pamaliro adagula ndi iwo, koma dothi sadathireko. Usiku umenewo adaphika nsima ndi therere, ndiwo imene agogo ankaikonda, nakhala pansi m'khitchini, miyendo atatambalala monga akhalira amai pasiŵa, nadya okha. Adandiuza kuti kumeneko ndiko kudali kulira maliro kwao.

Lamulungu akabwera ku Misa nyumba imadzaza. Ana ao aŵiri adaŵatsatira ku England, ndipo adzukulu anai adabadwira komweko. Anaŵa Chicheŵa chao nchoŵerengeka: “agogo”, “zikomo”, “bwera kuno”, “ndakhuta”. Sadziŵa mfumu ya kwao, sadziŵa njira ya kudambo. Koma agogo ao adakana kuŵapatsa foloko pa nsima. Adaŵaphunzitsa kusamba m'manja, wamkulu poyamba, kutema mbamu, kuiumba m'dzanja, ndi kuiboola ndi chala chachikulu kuti itunge msuzi. Kamtsikana kena kamakonda nkhoko kotero kuti kamaima pafupi ndi poto kudikira. Azakhali amati chilankhulo chidzaŵavuta anaŵa, koma mwana amene dzanja lake ladziŵa mbamu sadzakhala mlendo kotheratu tsiku limene adzapite kwao.

Tsono funso limene aliyense amaŵafunsa nlakuti, kodi mubwerera liti? Mwambi uja wakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, amaudziŵa bwino, ndipo palibe sabata imene imatha osaganiza zobwerera. Koma pali zingwe zitatu zimene zaŵamanga. Choyamba ndi adzukulu aja, amene amaŵatenga kusukulu makolo ao akadali kuntchito. Chachiŵiri ndi thupi: ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ku England munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo amalandira mwaulere mankhwala amene dokotala wamlembera, mwezi ndi mwezi. Monga namwino, amadziŵa bwino tanthauzo la kuyenda mtunda wautali kupita kuchipatala nkukamva kuti mankhwala atha. Chachitatu ambiri sachidziŵa. Penshoni ya boma la Britain imakwezedwa chaka ndi chaka kwa okhala m'dzikomo ndi m'maiko ena amene adapangana nalo, koma Malaŵi sali m'gulu limenelo. Wobwerera kuno penshoni yake imaima pomwe idali ponyamuka, mitengo ya zinthu ikukwerabe. Nyumba ya Malamulo ya kuno idavomereza m'chaka cha 2018 kuti Mmalaŵi atha kukhala nzika ya maiko aŵiri, ndipo ichi chidapeputsa mtolo wa mapepala. Koma mtima sugaŵika paŵiri popanda kuŵaŵa.

Nyumba ija adaimanga ndithu, ya malata, pafupi ndi boma la Dedza. Mukukhala wa lendi. Pakapita zaka ziŵiri kapena zitatu amabwera kudzacheza, ulendo wa makilomita oposa 8,000, kusintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Ndipo apa pali chinthu choseketsa chimene chili ndi misozi mkati. Akafika kumudzi, abale amathamangitsa nkhuku, amagula mpunga, mafuta ndi zakumwa za m'botolo, naŵaikira mpando ndi supuni m'nyumba, iwo okha, ena onse nkukadyera kuseri. Munthu amene wakhala zaka ziŵiri akulota chisoso, kholowa ndi mkute wootcha pamakala, amapatsidwa tchipisi, ati ndizo adazoloŵera kwa Azungu. Akapempha kuti akhale pamphasa ndi anzao amamva kuti, “Iyai alamu, mungadetse zovala.” Ana amaŵatcha agogo a ku UK. Ku Leeds amafunsidwa kuti kwanu nkuti. Ku Dedza amafunsidwa kuti munyamuka liti. Ulemu wathu womwewo ndiwo umaŵauza kuti ndinu mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Foni nayo, ngakhale imafupikitsa mtunda, ili ndi kuŵaŵa kwake. M'masabata amene ndidakhala nao ndinkamva mafoni ochokera kwathu. Moni amakhala wachidule, kenaka vuto: fizi, feteleza, chipatala, ngongole. Mavutowo ngoona, ndipo azakhali sadandaula kuthandiza, pakuti ndizo adapitira. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zidakwera mtengo kuno, mapempho nachuluka, ena nkumayesa kuti paundi imodzi tsopano yasanduka phiri. Sadziŵa kuti mai wa zaka pafupifupi 70 amazimitsa moto wa gasi masana nafunda bulangete kuti ndalama yotumiza ikwane. Chimene chimaŵapweteka nchakuti kaŵirikaŵiri foni imaduka asanamve zimene iwo amafuna kumva: kodi mvula yagwa, kodi mtengo wa mapichesi uja wa kuseri kwa nyumba ukubalabe, wabadwa ndani, akukwatiwa ndani, nanga maliro a uje adayenda bwanji. Iwonso ali ndi njala yao, ndipo chakudya chake chili ndi ife.

Za kumanda adakonzekera kale. Ali m'kagulu ka Amalaŵi amene amasonkha ndalama mnzao akamwalira, pakuti kunyamula mtembo kuchokera ku Britain kufika kuno kumadya mapaundi zikwi zingapo. Kwa zaka zambiri ankanena motsimikiza kuti adzagona pafupi ndi amai ao, monga Yosefe wa m'Malembo adalumbiritsa abale ake kuti mafupa ake asadzatsale ku Ejipito. Koma tsopano ayamba kufunsa kuti, nanga adzukulu akadzafuna kuika maluŵa adzapita kuti? Nkhaniyi sadaimalize, ndipo si kwa ine kapena kwa wina aliyense kuŵamalizira. Nthaka yonse nja Mwini mmodzi, ndipo pa tsiku lomaliza sadzasoŵa pamene pagona munthu wake.

M'maparishi mwathu mabanja ambiri ali ndi wao ku Johannesburg, ku Harare, ku Lusaka, ku Dublin kapena ku Leeds, ndipo ambiri mwa iwo dzuŵa lapendeka. Sitingathe kuŵachotsera mdima wa December, ngakhale kusintha malamulo a penshoni. Koma zilipo zazing'ono zimene zili m'manja mwathu. Tiziŵaimbira nthaŵi zina popanda chopempha, kungoŵauza kuti chimanga chamasula ndipo mbuzi ija yaswa aŵiri. Wina akamapita kumeneko timpatsire kamfutso kofutsa ndi manja athu ndi kaufa koviika. Kuno mtengo wake ngwochepa, kumeneko nchuma. Ana amene adaphunzira ndi thukuta lao azilemba ndi kunena pamene afika, pakuti wobzala mtengo amakondwa kumva kuti wabala. Ndipo amene tayamba kudziimira patokha tiŵatule mtolo pang'onopang'ono, kuti masiku aŵiri aja a yunifolomu adzathe eni ake asanathe.

Akabwera kudzacheza, nkhuku ya tsiku loyamba ikhalepo, pakuti ndi mwambo. Koma tsiku lachiŵiri tiŵayalire mphasa, tiŵapatse lichero la nkhwani asadzule, tidye nao mbale imodzi. Tipite nao kumaliro ndi kudambo, tiŵafunse nzeru pa milandu ya pabanja, tiŵadzudzule akalakwa monga tichitira ndi munthu wapakhomo. Akasankha kubwerera kudzakhala, tisaŵaŵerengere masutikesi. Akasankha kutsala kumene kuli adzukulu ao, tisaŵatche otayika. Chibale ndi fupa, sichiola.

Ndikulemba izi m'mwezi wa June. Kwathu kuno nkhokwe zikudzazidwa ndipo chisanu chayamba kumapiri a ku Dedza; ku Leeds ndi nyengo yookera maungu. Azakhali atumiza uthenga wakuti maondo akuvutabe koma mbeu zamera bwino, ndipo kuti chaka chino abzala mizere itatu ya chimanga m'malo mwa iŵiri, chifukwa kamtsikana kokonda nkhoko kaja kapempha mzere wakewake.